Mutu 7: Mbava ya M'nyumba Zosanja Imalowera Pakhomo

Munthu akapeza fulati pansanjika ya 20, mtima umakhala m'malo. Pansi pali mlonda, pageti pali kamera, chitseko chachikulu sichitseguka popanda khadi, ndipo zenera lake lili kutali ndi msewu moti ngakhale hutala ya minibasi imafika itazilala. Ndani angakwere khoma losalala mamita 60 chifukwa cha laputopu ndi TV? Maganizo amenewa si opanda pake. Nyumba ya pansi ili ndi zitseko ziwiri kapena zitatu, mawindo mbali zonse, mpanda woti munthu n'kulumpha, ndiponso kuseri kumene sikuoneka. Fulati ya m'mwamba kawirikawiri ili ndi chitseko chimodzi ndi khonde limodzi basi. Polowera pakachepa, ntchito ya wakuba imakula.

Komabe m'nyumba zoterezi anthu amaberedwa ndithu, ndipo chifukwa chake chagona pa umwini wa nyumbazo. M'mdadada umodzi mumakhala mabanja 100, 200 kapena kuposa, ndipo lililonse lili ndi fulati yakeyake, yogula kapena ya lendi. Koma polowera, chikepe, masitepe, tinjira ta m'kati, denga ndi malo oimika magalimoto ndi za onse pamodzi. Ku America umwini wotere amautcha condominium. Ku South Africa amati sectional title, ndipo lamulo lake limati eni mafulati onse ndi mamembala a bungwe limodzi, body corporate, limene limatolera ndalama mwezi ndi mwezi zolipirira alonda, kukonzera chikepe ndi kuyatsira magetsi a m'tinjira. Kuchokera pamsewu kukafika pachitseko chanu, wakuba amayenda mamita ambiri m'malo amene si anu, si a mnzanu wapafupi, ndi a aliyense. Nkhani yonse ya chitetezo cha nyumba zosanja ili m'malo amenewa.

Zimene Newman anaona

Munthu amene anaifotokoza bwino nkhaniyi ndi Oscar Newman, katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku America. M'zaka za m'ma 1960 ankaphunzitsa mumzinda wa St. Louis, ndipo anaona ndi maso ake mmene nyumba za Pruitt-Igoe zinkawonongekera. Imeneyi inali midadada 33, uliwonse wa nsanjika 11, yokhala ndi mafulati 2,870, imene boma linamangira anthu osauka pakati pa zaka za m'ma 1950. Mapulani ake anajambula ndi Minoru Yamasaki, yemwe pambuyo pake anajambulanso World Trade Center ya ku New York. Pofuna kuchepetsa ndalama, zikepe zake zinkaima pansanjika zinayi zokha: yoyamba, yachinayi, ya 7 ndi ya 10. Enawo ankatsika pamenepo n'kumalizitsa ulendo pamasitepe amdima, mmene achifwamba ankabisalamo. Pofika 1972 boma linayamba kuigwetsa ndi mabomba, isanathe n'komwe zaka 20.

Chimene chinamugwira mtima Newman ndi kusiyana kumene anakupeza m'kati mwa mdadada umodzimodzi. M'mafulati momwemo munali mwaukhondo, mosamalika. Pamalo pamene mabanja awiri okha ankagawana kakhonde ka pamasitepe panalinso posesedwa. Koma tinjira togawana mabanja 20, ndiponso polowera ndi zikepe zogawana mabanja 150, munali zinyalala, magalasi osweka ndi mantha. Anthu ake anali omwewo, umphawi wake womwewo. Chinasintha n'chakuti pamene pali mabanja awiri, aliyense amadziwa amene ayenera kupezeka pamenepo ndi amene sayenera. Pamene pali mabanja 150 palibe amene angauze mlendo kuti sakumudziwa, chifukwa ngakhale anzake okhala nawo sawadziwa.

M'buku lake la 1972, Defensible Space, Newman anagwiritsa ntchito ziwerengero za nyumba za boma za mumzinda wa New York. Anapeza kuti m'nyumba za nsanjika zitatu milandu ikuluikulu inali pafupifupi 30 pa mabanja 1,000 alionse, pamene m'nyumba za nsanjika 13 kupita m'mwamba inali pafupifupi 68. M'nyumba zazitalizo, milandu yoposa theka inkachitikira m'zikepe, pamasitepe, polowera ndi m'tinjira. M'nyumba zazifupi milandu ya m'malo oterewa sinkafika n'komwe pa gawo limodzi mwa magawo asanu.

Akatswiri ena anamutsutsa, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Ankati iye ananamizira njerwa mlandu umene unali wa umphawi, tsankho ndi kusasamala kwa akuluakulu. Ku Pruitt-Igoe ndalama zokonzera zinthu zinkachokera ku lendi yokha. Mzinda utayamba kuchepa anthu, mafulati anatsala opanda okhalamo, lendi inachepa, ndipo zikepe ndi maloko zikawonongeka zinkangokhala choncho. Newman mwiniwake ankavomereza kuti nyumba zazitali za anthu opeza bwino, zokhala ndi mlonda pakhomo ndi wozisamalira, sizinali ndi vuto lofananalo. Ine ndikuona kuti mbali ziwirizi zikukumana pamfundo imodzi. Malo a onse amafunika munthu wowayang'anira. Ngati si okhalamo eni ake, akhale wolembedwa ntchito amene akulipidwa. Pakasowa onse awiri, malowo amapeza mwini wina.

Kumudzi mlendo sadutsa mabwalo atatu osafunsidwa. Wina amulonjera, wina amufunsa kumene achokera, mwana athamanga kukanena kuti kwa auje kwafika anthu. Palibe amene amaganiza kuti akulondera, koma wakuba amadziwa kuti nkhope yake yaonedwa. M'nyumba ya nsanjika 30 zimenezi zimatembenuka. Munthu wovala bwino, wonyamula katoni, akaima kumbuyo kwanu pamene mukutsegula chitseko ndi khadi lanu, ulemu umakuuzani kuti mumugwirire chitsekocho. Mukachisiya kuti chimutsekere panja mumamva ngati mwachita mwano. Akuba amadalira manyazi amenewa kuposa chitsulo chilichonse chothyolera. Akangodutsa pamenepo, palibenso wowakayikira, chifukwa aliyense wowaona m'chikepe amaganiza kuti mlonda wawafunsa kale, ndipo mlondayo amaganiza kuti ali nanu limodzi.

Chitseko chosakhoma ndi kiyi woyendayenda

Apolisi a ku Japan amatulutsa chaka ndi chaka ziwerengero za njira zimene akuba amalowera m'nyumba, ndipo amasiyanitsa nyumba zoima pazokha, mafulati a nsanjika zitatu kutsika pansi, ndi a nsanjika zinayi kupita m'mwamba. M'gulu lomalizali, njira imene imatsogola si kuswa galasi kapena kuthyola loko. Ndi chitseko kapena zenera limene mwini wake sanakhome. Munthu amati akungokataya zinyalala pansi, kapena akungokagula buledi, ndipo poti pakhomo lalikulu pamadzikhoma pokha, lake amalisiya. Wakuba amene walowa kale amangoyenda m'kanjira n'kumayesa zigwiriro chimodzichimodzi mpaka china chitalola.

Kiyi wodulitsa mobisa nayenso ali pamwamba pamndandandawo. Fulati ya lendi imadutsa m'manja ambiri: amene anakhalamo kale, abale awo, ogulitsa nyumba, opaka penti, okonza mapaipi. Loko akakhala yemweyo zaka khumi, palibe amene angawerenge makiyi ake. Nyumba zambiri zazikulu zilinso ndi kiyi mmodzi wotsegula zitseko zonse, wosungidwa ndi woyang'anira nyumbayo pa zifukwa zomveka, monga paipi ikaphulika mwini atachokapo. Mu 2003 katswiri wina wa makompyuta, Matt Blaze, amene panthawiyo ankagwira ntchito ku AT&T Labs, anasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti pa maloko ambiri amtunduwu, munthu wokhala ndi kiyi wa chitseko chake chokha angathe kutulukira kadulidwe ka kiyi wamkuluyo. Okonza maloko ena anakwiya naye, koma zinaoneka kuti ambiri a iwo ankaidziwa kale nkhaniyi, amene sankaidziwa ndi eni nyumba.

Makhadi ndi timabatani tapakiyi tinabwera kudzathetsa vutoli, ndipo mbali ina tinathetsadi, chifukwa khadi lotayika angathe kulifafaniza pakompyuta osasintha loko aliyense. Koma zimenezo zimatheka pokhapokha wina akakhala pansi n'kulifafanizadi. M'midadada yambiri makhadi a anthu amene anasamuka kalekale amatsegulabe chitseko. Komanso si khadi lililonse lovuta kukopera. Mu 2008 ofufuza a pa yunivesite ya Radboud mumzinda wa Nijmegen ku Netherlands anasonyeza kuti makhadi a MIFARE Classic, amene ankagwiritsidwa ntchito pazitseko ndi m'mabasi m'maiko ambiri, angathe kukoperedwa. Timabatani totchipa kwambiri ndiye n'tosavuta kuposa pamenepo. Masiku ano pawonjezekanso mafulati obwereketsa kwa masiku owerengeka kudzera pa Airbnb ndi ena otero. Sabata iliyonse kumabwera nkhope zatsopano zokhala ndi khadi lovomerezeka, ndipo mlonda amasiya kuyesa kuloweza anthu pamtima.

A ku Japan anachitaponso chinthu china chanzeru. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kuba kotsegula maloko ndi tizitsulo kutachuluka, boma linaletsa mu 2003 kuyenda ndi zipangizo zoterozo popanda chifukwa. Chaka chotsatira apolisi, maunduna ndi makampani anayamba kufalitsa mndandanda wa zitseko, maloko ndi magalasi amene ayesedwa n'kupezeka kuti angathe kulimbana ndi wakuba kwa mphindi zisanu. Anasankha mphindi zisanu chifukwa kafukufuku wa pakati pa akuba ogwidwa anasonyeza kuti ambiri amagwa ulesi ntchito ikapitirira pamenepo. Palibe loko wosatheka kuthyola. Chimene loko wabwino amagula ndi nthawi ndi phokoso.

Amene amakweradi khoma

Alipo. Bill Mason, wa ku America, anaba ndolo, mikanda ndi mphete za anthu olemera kwa zaka zambiri, makamaka m'nyumba zosanja za m'mbali mwa nyanja ku Florida, ndipo atakalamba analemba buku lakuti Confessions of a Master Jewel Thief. Iye mwini akusimba kuti anayendapo pakamzere kopapatiza ka khoma, nsanjika zambiri kuchokera pansi, kuti akalowe m'fulati ya mpondamatiki Armand Hammer. Ntchito yake ya masana inali yoyang'anira nyumba za lendi, choncho ankadziwa kumene masitepe amatulukira, mmene chitseko cha padenga chimakhomedwera, ndi nthawi imene alonda amatopa. Ankadziwanso kuti anthu okhala m'mwamba kwambiri sakhoma chitseko cha pakhonde. Ku Paris, Vjeran Tomic, amene manyuzipepala anamupatsa dzina la Spider-Man, ankakwera makoma a nyumba za anthu olemera asanabe zithunzi zisanu zamtengo wapatali ku Musée d'Art Moderne mu 2010. Anamugamula zaka 8 mu 2017.

Anthu otere ndi ochepa, ndipo nkhani zawo zimamveka kwambiri chifukwa n'zachilendo. Komabe zikutiphunzitsa kumene khoma limafooka. Nsanjika ziwiri zapansi zimafikika kuchokera pampanda, pamtengo kapena padenga la malo oimika magalimoto. Nsanjika yapamwamba kwambiri imafikika kuchokera padenga, munthu atatsika ndi chingwe. Makonde oyandikana amalola munthu kuchoka m'fulati yopanda anthu n'kulumphira kwa mnansi. Ndipo nyumba ikamapakidwa penti kapena kukonzedwa, zitsulo zokwererapo amisiri zimasandutsa nsanjika iliyonse kukhala ngati yapansi kwa miyezi ingapo.

São Paulo: pamene mdadada wonse ugwidwa

Mumzinda wa São Paulo ku Brazil, anthu opeza bwino anathawira m'nyumba zosanja zozunguliridwa ndi mipanda kuyambira zaka za m'ma 1970 ndi 1980, chifukwa choopa umbanda. Teresa Caldeira analemba za zimenezi m'buku lake la 2000, City of Walls. Akuba nawo anasintha kachitidwe. Kunabuka mtundu wa uchifwamba umene kumeneko amautcha arrastão. Gulu la anthu khumi kapena kuposa limafika m'bandakucha, ena atavala ngati apolisi, obweretsa katundu kapena okonza intaneti. Amagwira mlonda, mmodzi wa iwo n'kukhala pampando wake. Kenako amadikira kumalo oimika magalimoto. Aliyense wotsika kuti azipita kuntchito amagwidwa, amakwera naye kufulati kwake kuti atsegule yekha, ndipo akamaliza amakamutsekera m'chipinda chimodzi ndi anzake. Zimatha kutenga maola angapo, mafulati ambiri n'kukhuthulidwa popanda loko mmodzi wothyoledwa, pamene oyenda pamsewu akungoona geti lotseka ndi munthu wa yunifolomu pawindo.

Pano mpanda womwewo umene unkabisa okhalamo kwa akuba unabisa akubawo kwa apolisi. Poyankha, nyumba za kumeneko zinaika mageti awiri otsatizana, lachiwiri losatseguka loyamba lisanatsekeke, kuti mlendo aime pakati afunsidwe. Zinaika kabowo kolandirira katundu kuti wobweretsa chakudya asalowe, tinyumba ta alonda ta magalasi osalowa chipolopolo, ndipo zina zinachotseratu mlonda pageti n'kumusamutsira ku ofesi yakutali kumene amatsegula akuyang'ana pakamera, kuti pasakhale munthu womuloza mfuti. Zonsezi zikuvomereza chinthu chimodzi, kuti pakhomo lalikulu ndi pamene mdadada umagwera. Ngakhale amene anabera mayi wotchuka Kim Kardashian ku Paris mu Okutobala 2016 sanakwere khoma. Anavala ngati apolisi, anagwira mlonda wa usiku amene anali yekha, n'kumukakamiza kuwatsogolera kuchipinda. Zoti ali mumzindawo ndiponso mphete imene anavala anaziona pa intaneti, pamene iye mwini ankaziika.

Apa m'pofunika kunenapo za mlonda, chifukwa zinthu zikasowa chala choyamba chimaloza iye, chachiwiri n'kuloza wantchito wa m'nyumba. N'zoona kuti nthawi zina akuba amapeza uthenga kuchokera m'kati. Koma taganizirani zimene timamusenzetsa munthu ameneyu. Amakhala maola 12 pampando, kawirikawiri yekha, malipiro ake ndi ochepa kuposa mtengo wa foni ya amene akumulondera, ndipo akaumirira kufunsa chitupa mlendo wa bwana wina amakalipiridwa kuti alibe ulemu. Akakalipiridwa kawiri, kachitatu amangotsegula. Okhalamo ndi amene amaphunzitsa mlonda kulekerera, kenako n'kumuimba mlandu wolekerera. Amalawi ambiri amene amagwira ntchito za m'nyumba ku Joni amaudziwa ululu wokayikiridwa popanda umboni. Buku lolembamo olowa ndi otuluka, makamera ogwiradi ntchito ndi khadi la munthu aliyense payekha zimateteza katundu, koma zimatetezanso wantchito wosalakwa, chifukwa zimasonyeza amene analowa ndi nthawi yake.

Ponte ndi anansi ake

Amene anafikapo ku Johannesburg anaiona nsanja yobulungira, yokhala ndi chikwangwani chofiira pamwamba, imene yaima ku Berea m'malire ndi Hillbrow. Imeneyo ndi Ponte City. Inamalizidwa mu 1975, ili ndi nsanjika 54, ndi yotalika mamita 173, ndipo pakati pake pali dzenje lotseguka kuchokera padenga mpaka pathanthwe la pansi kuti kuwala kuzilowa. Inamangidwira azungu olemera m'nthawi ya tsankho. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 anthu andalama anasamukira kumpoto kwa mzindawo, mabanki anasiya kukongoza ndalama zogulira nyumba m'derali, ndipo eni midadada ambiri anasiya kukonza zinthu. Ponte inatchuka ndi mankhwala osokoneza bongo ndi zigawenga. Zinyalala zotayidwa m'dzenje lija zinaunjikana kufika nsanjika zingapo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 panamveka maganizo oisandutsa ndende.

Kutalika kwake sikunasinthe, khoma lake ndi lomwe lija, koma lero mukukhala mabanja, ophunzira ndi anthu apantchito ochokera m'maiko ambiri a mu Africa. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 eni ake, kampani ya Kempston, anaikamo oyang'anira okhwima. Zinyalala zinachotsedwa, zikepe zinakonzedwa, polowera anaikapo makina ozindikira chala cha munthu, ndipo mlendo aliyense amalembetsa. Ena okhalamo amadandaula kuti malamulo a alendo ndi owuma kwambiri, ndipo dandaulo limenelo si lopepuka, chifukwa munthu wamkulu safuna kupempha chilolezo kuti mbale wake agone kwake. Koma amakwera chikepe usiku opanda mantha.

Ponte inatheka kuikonza chifukwa ili ndi mwini mmodzi amene angathe kulamula ndi kulipira. Midadada yambiri yoyandikana nayo, ya eni ambirimbiri, inayenda njira ina. Eni ena atasamuka anasiya kupereka ndalama za mwezi ndi mwezi. Bungwe la eni nyumba linalephera kulipira alonda, madzi ndi magetsi. Otsalawo anaona kuti akulipirira anzawo, nawonso anasiya. Misonkhano inasowa anthu, komiti inatha. Kenako kunabwera anthu ena, nthawi zambiri amfuti, amene anaima pakhomo n'kuyamba kutolera lendi ngati kuti nyumbayo ndi yawo. Imeneyi ndiyo midadada yolandidwa imene imamveka m'nyuzi za ku South Africa. Kuba kwake sikulinso kwa TV kapena laputopu. Nyumba yonse yabedwa, ndipo zinayambira pa ndalama ya mlonda imene sinaperekedwe. N'chifukwa chake munthu wofuna kugula fulati ayenera kupempha kuona mabuku a ndalama a bungwelo asanasirire matailosi a kubafa. Ngati eni ambiri ali ndi ngongole, chitetezo chimene akuchiona lerocho sichikhalitsa.

Chitsulo chotsekera kunja chimatsekeranso m'kati

Boma ndi eni nyumba akalephera, anthu amadziteteza okha, ndipo chimene amathamangira ndi chitsulo. Amawotcherera zitsulo pamawindo, amaika geti pachitseko cha fulati, lina pakanjira, lina pamasitepe, lililonse ndi loko wake. Masitepe othawira pangozi ndiwo amayamba kukhomedwa, chifukwa akuba amawakonda: mulibe kamera, simudutsa anthu, ndipo amatulukira kuseri. Palibe amene angawadzudzule anthu oterewa mopepuka. Amene anaberedwapo amadziwa kuti mbava ikaona kuti polowera m'pofewa imabweranso, monga amanenera akuluakulu kuti mvula ikakuona litsiro sikata.

Koma mtengo wa chitsulo chimenechi tinauona usiku wa pa 31 Ogasiti 2023. Pa 80 Albert Street ku Marshalltown, pakati pa Johannesburg, panali nyumba ya nsanjika zisanu yotchedwa Usindiso. Inali ya khonsolo ya mzindawo. M'nthawi ya tsankho inali ofesi ya ziphaso za anthu akuda, kenako inakhala malo osungirako amayi ndi ana othawa nkhanza, ndipo pomalizira inagwa m'manja mwa otolera lendi mwachinyengo. M'kati mwake munamangidwa tizisakasa ta matabwa ndi makatoni, ndipo munkakhala anthu mazanamazana. Moto utabuka pakati pa usiku, othawa anapeza njira zotsekeka ndi mageti okhoma. Ena anadumpha kuchokera pamawindo, ena anaponya ana awo kwa anthu amene anali pansi. Anthu 76 anafa, ndipo ena mwa iwo anali ochokera ku Malawi ndi ku Tanzania. Komiti yofufuza imene anaitsogolera Justice Sisi Khampepe inanena mu 2024 kuti khonsolo ya mzindawo inali ndi mlandu, chifukwa inkadziwa kwa zaka zambiri mmene nyumbayo inalili koma sinachitepo kanthu.

Usindiso sinali nyumba ya anthu olemera, ndipo wina anganene kuti siikugwirizana ndi mafulati okongola a ku Sandton kapena ku Umhlanga. Koma tcheni ndi loko pachitseko chothawira pangozi zimapezeka m'midadada ya mitundu yonse, ndipo utsi susankha. Njira yothetsera vutoli inapezeka kalekale ndipo si yodula kwambiri. Chitseko cha masitepe othawira chiyenera kukhala chosatseguka kuchokera kunja, koma chotseguka kuchokera m'kati pongochikankha, popanda kiyi, ndipo chikatseguka chizilira kuti mlonda amve. Zitseko zamagetsi ziyenera kumasuka zokha belu la moto likalira. Geti la pachitseko cha fulati likhale loti mwana wa zaka khumi angathe kulitsegula mumdima. Nyumba imene yasankha pakati pa akuba ndi moto yasankha molakwika, chifukwa n'zotheka kutseka wakuba panja popanda kutsekera anthu m'kati.

Zina zonse n'zazing'ono ndipo zili m'manja mwa wokhalamo. Sinthani loko tsiku limene mwalowa m'fulati, landilodi atavomereza. Khomani chitseko ngakhale mukungotsikira pansi, ndipo cha pakhonde muzichiyesa chitseko chenicheni ngakhale muli pansanjika ya 30. Polowa ndi galimoto, imani mpaka geti litatsekeka kumbuyo kwanu, chifukwa kumalo oimika magalimoto n'kumene kumalowera anthu ambiri osafunsidwa. Mlonda akakufunsani khadi, musakwiye, ndipo auzeni alendo anu kuti asakwiye. Pitani kumsonkhano wa eni nyumba ngakhale utakhala wotopetsa. Koposa zonse dziwani anthu a pansanjika yanu. Simungadziwe mabanja 200, koma mabanja asanu ndi limodzi a m'kanjira kanu mungawadziwe mayina, n'kupatsana manambala a foni. Mnansi amene amakudziwani akamva kugogoda kwachilendo pachitseko chanu masana amasuzumira. Amene sakudziwani amaganiza kuti mukusamuka.

Ndipo inu amene mukufuna fulati ku Johannesburg, ku Durban, ku Maputo kapena kwina kulikonse, musanapereke dipoziti pemphani kuti mutsike pamasitepe othawira pangozi kuchokera pansanjika imene akukupatsaniyo mpaka panja. Yendani ndi miyendo yanu, kankhani chitseko chilichonse ndi dzanja lanu. Mukapeza tcheni, loko wofuna kiyi kapena geti lowotcherera, musalowe m'nyumba imeneyo, ngakhale lendi yake itatsika bwanji.